Mthuthuthu Wopanda Efi

A Zakeyu Mbewe anali alamu anga kwa zaka 37, ndipo pa zaka zonsezo sanandilolepo kugwira chiwongolero cha njinga yawo yamoto. Ndayamba ndi chimenecho kuti mudziwiretu kuti amene akukufotokozeraniyu anali ndi chakukhosi. Ine ndine Eneya, mlongo wake wa malemu Elinata, amene anali mkazi wawo. Kwathu ndi kuno ku Zingalume, ndipo amalume onse atatha, mwini mbumba ndinatsala ine.

Anabwera kuno mu 1986 kuchokera kwawo ku Pembamoyo, ali mnyamata wa dibi. Boma linawatuma kudzasambitsa ng'ombe kuti nkhupakupa zife, ndipo anthu sanachedwe kuwapatsa dzina loti a Nkhupakupa. Iwo ankavomera bwinobwino. Njinga inali ya boma nthawi imeneyo, yofiira, ya ku Japani, yokhala ndi nyale yaikulu kutsogolo. Mudzi wathu uli pa kamtunda, ndipo njira yotulukira imatsikira pa dambo n'kukwera tsidya lina. Chilichonse cha injini chimamveka mpaka chitamaliza kukwera tsidyalo, choncho a Nkhupakupa tinkawamva asanaoneke.

Ng'ombe za atate ankapita nazo ku dibi ndi Elinata, chifukwa ine ndinali ku sukulu, kapena tinene zoona, ndinali kutchire kukumba mbewa. Sipanapite nthawi, ng'ombe zathu zinayamba kusamba kuposa ng'ombe zonse za m'dera lino. Chaka chisanathe, ukwati unadalitsidwa ku tchalitchi, a Zakeyu n'kulowa chikamwini. Amayi anawapatsa munda wa pachulu, munda wabwino kuposa yonse ya banja lathu, ndipo anamanga nyumba kumapeto kwa mudzi.

Akulu amati mkamwini asamakule mwendo. A Zakeyu mwendo wawo sunakulepo. Pa milandu ya banja ankakhala kumbuyo, akafunsidwa n'kunena kuti, "Eni ake alipo." Ine ndinali wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi, koma ankandiombera m'manja ngati ndine mbusa. Ulemu umenewo unkandinyansa, chifukwa munthu yemweyo ndikangoyandikira njinga ankati, "Alamu, yang'anani ndi maso, manja apume."

Ntchito ya dibi inatha mu 1994. Anzawo anagula ng'ombe zolimira ndi ndalama zotsanzikira, iwo anagula njinga yomwe ija pamene boma linkagulitsa katundu wakale. Elinata sanawalankhule sabata yathunthu. Koma njingayo ndiyo inasanduka ambulansi ya mudzi uno. Inanyamula olumidwa ndi njoka, ana a malungo, ngakhale mlongo wanga wamng'ono Lonia pamene anavutika pobereka mwana wake Nancy. Anamumanga Lonia kumsana kwawo ndi chitenje mpaka ku kiliniki ku boma. Nancy ali moyo lero chifukwa cha mthuthuthu umenewo, ndipo mukumbukire zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

A Zakeyu ndi Elinata mwana anali naye mmodzi yekha, Peter. Anamwalira ku Chipata mu 2009 asanakwatire. Mkamwini mizu yake ndi ana. A Zakeyu anatsala ndi muzu umodzi, Elinata, ndipo Elinata anatisiya mu Marichi 2023.

Titakolola, tinakhala pansi kuti tiwasudzule, tiwamasule abwerere kwawo monga mwa mwambo. Tinatumiza uthenga ku Pembamoyo kawiri kuti abale awo abwere. Sikunabwere munthu. Ife tinati ndi mwano wa anthu a kumeneko, n'kupempha mkulu wa mpingo kuti akhale kumbali yawo. Munthu wanzeru akanadabwa pomwepo, koma ine tsiku limenelo ndinali wotanganidwa ndi ukulu.

Mwambo umenewu uli ndi khomo lakuseri. Mkamwini akakhala wabwino, mwini mbumba amatha kunena liwu limodzi lokha, loti "Khalani," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma liwulo limachokera kwa eni mudzi. Mkamwini sapempha. Ndipo Lonia anali atandikhalira pakhosi sabata yonse.

"Alongo, munda wa pachulu ndi wa amayi athu," ankatero. "Nancy wakwatiwa, mwamuna wake alibe polima. Mwana wa m'mudzi muno azipalasa pamwala, mlendo akudya pachulu?"

Choncho ndinaimirira pamaso pa anthu, n'kuthokoza a Zakeyu chifukwa chosunga mlongo wathu, n'kuwauza kuti ndi omasuka kupita. Anaomba m'manja mwaulemu.

"Ndamva, alamu, zikomo pondisunga," anatero. "Koma ndinalowa m'mudzi muno pa njinga iyi, ndidzatulukanso pa njinga yomweyi. Pa ngolo amanyamulapo chimanga ndi maliro. Ndipatseni nthawi ndiikonze."

Anthu anaseka, ine n'kuvomera. Ndinkayesa nkhani ya masabata awiri.

Njingayo inkadwaladi, pamenepo sananame. Ine ndine mlimi, koma miyezi khumi ndi inayi yotsatira inandiphunzitsa umakaniko wa mokakamiza. Pansi pa mpando pali tinthu tiwiri. Kena ndi rekitifaya, kamene kamawongola moto wochokera mu injini kuti batire ithe kuulandira. Kena ndi regyuleta, kamene kamaletsa motowo kuchuluka. Tonse tiwiri tinali titatha ndi ukalamba. Poyamba mababu ankaphulika, batire n'kuwira mpaka kutupa. Kenako moto unasiyiratu kufika. Batire akaitchaja pa sola ya aphunzitsi, njinga inkalira bwino, n'kuyenda, n'kudya moto wonsewo, n'kukazima pa dambo.

Mwezi uliwonse ukamatha, a Zakeyu ankamanga matilesi ndi chikwama kumbuyo, n'kuyenda khomo ndi khomo kutsanzika. Tinkamva thuthuthu akutsika, kenako pa dambo kuli zii. Pakapita kanthawi ankatulukira akukankha, thukuta lili kamukamu. Ulendo woyamba amayi a m'mudzi analira. Wachiwiri anawaperekeza mpaka pa chitsime. Wachinayi palibe anasiya mtondo wake.

Moyo wa munthu wosudzulidwa amene sanachoke sindiufunira ngakhale mdani wanga. Munda anatenga mwamuna wa Nancy. Khasu la a Zakeyu linangopachikika pa phaso mpaka kuchita dzimbiri. Pa nkhani za banja sitinkawaitana, ngakhale kumbuyo kuja. Ana ankasowa chowatchula. Kumanda kwa mkazi wawo sakanapita, poti munthu woyenda yekha kumanda kuno timamudziwa dzina lake, choncho ankangokhala pakhonde kuyang'ana mitengo ya kumandako. Chimene chinkandipweteka maso ndi tomato wawo. Popeza analibenso pobzala, ankatapa dothi m'mbali mwa njira, n'kuthira m'matumba akale a fetereza, n'kubzalamo. Matumba asanu ndi limodzi pakhonde, munthu amene ankakolola ngolo khumi.

Ndikanati zinkandimvetsa chisoni chokha, ndikananama. Zinkandipsetsanso mtima. Nancy anali ndi pakati, ndipo Lonia tsopano ankafuna nyumba ya malata ya a Zakeyu ija. Ku chigayo anthu ankandifunsa kuti, "A Eneya, nkhupakupa ija yachoka?" Mwini mbumba wanji amene mawu ake sasuntha ngakhale njinga yakufa? Mu Ogasiti 2024 ndinagulitsa mbuzi, n'kupalasa njinga yanga yakapalasa mpaka ku boma.

Kuseri kwa msika kuli makaniko wa njinga zamoto dzina lake Whiteson, bambo wa mimba yake, wosachedwa kuseka. Nditamufotokozera mtundu wa njingayo anagwira m'chiuno.

"Ya batire ya mavoti sikisi? Atate, njinga za masiku ano zonse ndi za thwelofu. Ndikakupatsani cha thwelofu, muotcha batire, mababu, ndi ndevu za mwini wake."

Anaimbira mnzake ku Chipata, mnzakeyo n'kufunsa ku Lusaka. Patapita masabata atatu kanafika pa minibasi kabokosi kachitsulo ka mizeremizere, kokwana m'dzanja. Whiteson anati masiku ano rekitifaya ndi regyuleta amaziphatikiza m'kabokosi kamodzi. Kanali ndi mawaya anayi. Awiri achikasu apite ku injini, wofiira ku batire, wobiriwira ku efi, kutanthauza kuti amangidwe pa chitsulo cha njinga yeniyeniyo. Ndinabwereza mawu amenewo njira yonse ngati katekisima.

A Zakeyu anakalandira ndi manja awiri. Anakatembenuza, kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mwavutika, alamu," anatero. "Ndimanga ndekha. Njinga iyi sidziwa manja a munthu wina."

Anamanga masiku awiri. Loweruka anatsanzika, ine n'kuima pabwalo manja kumbuyo ngati munthu amene wamaliza ntchito yaikulu. Thuthuthu mpaka kumunsi. Pa dambo, zii.

Ndinayaka moto. Ndinati Whiteson wandigulitsa chinthu chakufa, ndipo Lolemba m'mawa ndinali pa khomo la garaja yake ndisanalawe kanthu. Iye sanakangane nane. Anatenga mita yake yoyezera moto ndi masipanala, n'kundikweza pa njinga yake, dzuwa lisanatenthe tinali titafika.

A Zakeyu atationa anaimirira pang'onopang'ono. Sanakane. Anakankhira njinga pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pa kampando pafupi. Anthu anayamba kusonkhana chapatali, Lonia patsogolo, Nancy ndi mimba yake pambali. Pafupi ndi njinga tinali atatu okha.

Whiteson anachotsa mpando ndi chivundikiro cha m'mbali. Tinthu takale tija a Zakeyu anali atatichotsa bwino, kabokosi katsopano katakhala pamalo pake, mawaya olumikizidwa mwaukhondo moti Whiteson anagwedeza mutu kuyamikira. Anaika batire yotchaja imene anabwera nayo, n'kuponda kiki. Anagunditsa mita pa mawaya achikasu, manambala n'kukwera. Anagunditsa pa batire, n'kukoka moto, manambala osasuntha.

"Injini ikupereka," anatero. "Kabokosi n'kamoyo. Koma moto ukulowa, osatuluka."

Anazimitsa, n'kutsata waya wobiriwira ndi chala mpaka pamene unamangidwa pa chitsulo. Anatenga sipanala ya teni, n'kumasula bawuti. M'dzanja lake munagwera kamphira kakuda, kodulidwa ku chubu cha njinga. Kanali kopindidwa mwaluso, kokuta bawuti ndi mutu wa waya mbali zonse, kuti waya uoneke womangidwa koma usakhudze chitsulo pena paliponse. Whiteson anakayang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kutsitsa mawu.

"Atate, ili si dzimbiri. Iyi ndi ntchito ya lumo. Kabokosi kopanda efi sikangagwire ntchito, moto umafuna pobwerera."

Mbuzi yanga inandibwerera m'maso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe mudzi wonse umve, koma a Zakeyu anandiyambirira, mawu ali pansipansi.

"Kwathu ndinapitako, alamu. Mwezi womwe munandisudzula uja, pamene ndinabwereka njinga yakapalasa n'kunena kuti ndikukafuna masipeya. Alongo anga onse anatha. Pamene panali nyumba ya amayi pali munda wa nsawawa wa munthu amene sindimudziwa. Mtsikana wina anandipatsa mpando, n'kundifunsa kuti, 'Agogo, mukufuna ndani?' Ndinatchula mayina asanu. Onse ali kumanda. Anandipatsa madzi akumwa, koma palibe anati gonani."

Anatenga kamphira kaja m'dzanja la Whiteson, n'kukayang'ana.

"Poyamba inkazima yokha, ndinkangothokoza Mulungu. Mutabweretsa kabokosika ndinaona kuti kachira nako. Efi pa Chingerezi mukuidziwa, alamu? Ndi dothi. Ndinati njinga ikhale ngati mwini wake."

"Nanga bwanji osanena?" ndinafunsa. "Chaka chonse ichi? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, alamu!"

"Mkamwini sapempha. Mwambo mukuudziwa kuposa ine, ndinu eni ake."

Whiteson anali chigwadire, bawuti m'dzanja. Munthu woseka uja anali atasiya kuseka.

"Ndimange bwanji, atate?" anafunsa, ndipo ankafunsa ine.

Liwu lija linali pakamwa panga. Ndinalimva ndithu, lili pa lilime. Koma Lonia anakuwa ali patali kuti, "Yapezeka nthenda, alongo?" Ndinatembenuka. Ndinaona Nancy akusisita mimba, mwamuna wake amene anali atagula kale laimu wopakira nyumba ija, ndi anthu a ku chigayo aja atayamba kale kumwetulira. Kunena "Khalani" kunali kumeza mawu anga pamaso pa onsewo, kenako n'kumakhala ndi Lonia mudzi umodzi. Ndinatsokomola. Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinati, "Tione kaye."

A Zakeyu anadikira. Sindidziwa kuti nthawi inali yaitali bwanji, koma anandipatsa mpata wokwanira, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa. Kenako anaimirira, n'kupempha sandipepala kwa Whiteson. Anagwada ndi maondo awo okalambawo, n'kupala chitsulo mpaka chinawala. Anaika waya, chitsulo pa chitsulo, n'kumanga bawuti ndi manja awo. Anaponda kiki kamodzi. Manambala pa mita anakwera n'kuima pamalo amodzi, nyale n'kuyaka bwino osaphethira ngakhale atakoka moto wonse. Amayi a m'mudzi anaimba nthungululu, ena akundiyamikira ine kuti a Eneya ndi mwamuna, akanena anena.

Anandiika kamphira kaja m'dzanja. "Sungani, alamu, mudzamatira chubu."

M'mawa mwake sanayende khomo ndi khomo, anati anatsanzika kokwanira. Anatulutsa matilesi, chikwama, ndi chitenje chimodzi cha Elinata. Matumba a tomato anawasiya pakhonde atawathirira madzi. Pomanga katundu njinga inkapendama, ndiye anandiyang'ana.

"Alamu, tagwirani chiwongolero."

Ndinagwira. Zaka zonse zija ndinkalakalaka tsiku limenelo. Mphira zake zinali zosalala, zitadyeka potsata zala zawo, moti zala zanga sizinkakwanamo. Atamaliza kumanga anaomba m'manja monga mwa masiku onse, ine n'kuchotsa manja anga.

Ndinaima pabwalo kumvetsera. Mumtima ndinapangana ndi Mulungu kuti ikazima pa dambo, nditsika, ndikakankha nawo, ndipo ndikawauza liwu lija pamaso pa aliyense, Lonia anene zimene anene. Ndinali wotsimikiza ndithu, kulimba mtima kunandifika munthu atapita. Thuthuthu inatsika. Inafika pa dambo. Inachepetsa pang'ono pa mchenga paja, kenako inasintha giya n'kuyamba kukwera tsidya. Inamveka mpaka pamwamba. Ndinakhalabe pomwepo mpaka dzuwa linafika pamutu, Lonia akudutsa ndi tsache kupita ku nyumba ija.

Ku Pembamoyo sanafike. Whiteson anandiuza kuti ali ku boma komweko, amasesa ndi kunyamula matumba pa chigayo china cha kuseri kwa msika, n'kumagona m'kachipinda kosungira mafuta. Ali ndi zaka 67. Chichokereni ndapita ku boma kanayi, kamphira kali m'thumba la jekete, liwu lija nditalikonza kuyambira kunyumba. Kanayi konse ndafika pa ngodya ya msika, n'kumva chigayo chikulira, n'kukumbukira kuti m'nyumba muja tsopano muli khanda la Nancy, n'kukhotera njira ya ku positi. Mbewa ija ndinkanenera a Zakeyu, una wake ndi uno ndakhalamo ine.

Ndikamufunsa Whiteson kuti alamu ali bwanji, amayang'ana kumbali n'kupukuta manja. Amangoti njinga ikuyenda bwino.